Zigoli 107 za Ucar ndi Mkangano wa Mfumu ya Bola

Tonse tinaumvapo mkangano uwu. Umayambira pometera tsitsi ku Kabwata, kumbuyo kwa minibasi yochokera ku Matero, kapena pa gulu la WhatsApp usiku malaiti atapita. Wina angoti "Messi", mnzake ayankha "Ronaldo", basi nkhani zina zonse zaima. Mafoni atuluka, manambala ayamba kuuluka, ndipo anthu amene anali pa ubwenzi m'mawa afika posayang'anana. Ndiye pamakhala mudala wina pakona amene wakhala chete nthawi yonseyi. Iye amangoti, "Imwe ana simunaone bola. Munamuona Ucar?" Ife timaseka, wina nkuti, "Ba mudala, tionetseni vidiyo." Mudala alibe vidiyo, ndipo timachoka tikuganiza kuti tamugonjetsa.

Tikayang'ana mbiri ya mkanganowu, tipeza kuti mudala uja sanagonje kwenikweni. Nthawi iliyonse imene dziko lasankha mfumu ya bola, pakhala zinthu zitatu zimene zagamula mlandu mpira usanagundidwe nkomwe: amene ankapereka mphoto, malamulo a pabwalo a nthawiyo, ndi kumene kamera inaloza. Ife a ku Zambia tiyenera kuzidziwa bwino zimenezi kuposa ena, chifukwa mu 2012 zinatichitikira.

Amene ankapereka mphoto

Mu 1956 magazini ya France Football inayambitsa mphoto ya Ballon d'Or, ndipo woyamba kuilandira anali Stanley Matthews wa ku England, ali ndi zaka 41. Masiku ano timawerenga mphotozi ngati sikelo yosanama: Messi 8, Cristiano Ronaldo 5, nkhani yatha. Chimene ambiri timaiwala nchakuti mpaka 1994 mphotoyi inali ya osewera a maiko a ku Ulaya okha. Pelé sanaloledwe kupikisana nawo pamene anali pachimake. Maradona nayenso sanaloledwe, ngakhale mu 1986 pamene aliyense ankadziwa kuti palibe womuposa. Chaka chimenecho mphoto inapita kwa Igor Belanov wa Dynamo Kyiv. Patapita zaka zambiri, magazini yomweyo inabwerezanso mawerengero ake nkupeza kuti Pelé akanatenga mphotoyi maulendo 7 chikhala kuti chitseko chinali chotsegula.

Amene anabadwira kunja kwa Ulaya ankalowa pokhapokha atasintha mbendera. Alfredo Di Stéfano anabadwira ku Buenos Aires, koma anapambana mu 1957 ndi 1959 monga nzika ya Spain. Iyeyu anatsogolera Real Madrid kutenga chikho cha makalabu a ku Ulaya zaka zisanu zotsatizana, kuyambira 1956 mpaka 1960, ndipo anamwetsa chigoli m'fainolo iliyonse mwa zisanuzo. Eusébio anabadwira ku Lourenço Marques, kumene lero timati Maputo, pafupi ndi ife pomwepa. Anatenga Ballon d'Or mu 1965 monga Mpwitikizi, chifukwa Mozambique inali idakali m'manja mwa Portugal. Pa World Cup ya 1966 anamwetsa zigoli 9, zinayi mwa izo pamasewera amodzi pamene Portugal inali kumbuyo 3-0 kwa North Korea nkupambana 5-3. Mabuku analemba zonsezi pansi pa dzina la Ulaya.

Lamulo linasintha mu 1995, ndipo chaka chomwecho George Weah wa ku Liberia anapambana. Ndi mu 2007 pamene mphotoyi inatsegulidwa kwa osewera a m'makalabu a dziko lonse. Choncho tikamawerenga ma Ballon d'Or a Messi ndi Ronaldo nkumafunsa kuti Pelé ali nawo angati, tikuyerekeza anthu amene analemba mayeso ndi munthu amene anatsekeredwa kunja kwa kalasi.

Nayo FIFA inalephera kugamula mlanduwu. Mu December 2000 inafuna kusankha wosewera wopambana m'zaka 100 zapitazo. Anthu anavota pa intaneti ndipo Maradona anapambana ndi mavoti oposa theka. Akuluakulu a bungweli anaona kuti ovota ambiri anali achinyamata amene sanamuonepo Pelé akusewera, ndiye anakhazikitsa njira ina yosankhira ndipo Pelé anapambana. Mphoto inagawidwa pawiri. Achinyamata a nthawi ija, amene lero ndi atate athu ndi amalume athu, anavotera amene anamuona pa TV. Ndi zomwe tikuchita ife lero.

Malamulo a pabwalo

Bola imene Pelé anasewera si bola imene tikuonera manje. Anafika pa World Cup ya 1958 ku Sweden ali ndi zaka 17, namwetsa zitatu motsutsana ndi France mu semifainolo, ndi ziwiri mu fainolo imene Brazil inagonjetsa Sweden 5-2. Mu 1962 anavulala pamasewera achiwiri ndipo Garrincha ndiye ananyamula timu mpaka kutenga chikho. Mu 1966 ku England osewera akumbuyo a Bulgaria ndi Portugal anamuchaya miyendo mopanda chifundo. Nthawi imeneyo kunalibe makhadi achikasu kapena ofiira, ndipo pa World Cup timu sinkaloledwa kusintha wosewera wovulala. Pelé anatsiriza masewera a Portugal akutsimphina, Brazil nkutuluka m'ndime yoyamba. Makhadi ndi kusintha osewera zinayamba pa World Cup ya 1970 ku Mexico, kumene anatenga chikho chake chachitatu Brazil itagonjetsa Italy 4-1.

Maradona anapeza makhadi alipo kale, koma marefa ankawasunga m'thumba. Mu 1982 Claudio Gentile wa Italy anamutsatira masewera onse, kumukoka ndi kumugwetsa, natsiriza masewerawo ali pabwalo. Mu September 1983, Maradona ali ku Barcelona, Andoni Goikoetxea wa Athletic Bilbao anamulowa chakumbuyo namuthyola kakolo. Malamulo oteteza osewera aluso anakhwima pambuyo pake. Mu 1990 anafewetsa lamulo la ofusaidi. Mu 1992 analetsa golokipa kugwira ndi manja mpira umene mnzake wamubwezera dala ndi phazi. M'zaka zomwezo kulowa munthu chakumbuyo kunayamba kubweretsa khadi lofiira. Messi ndi Ronaldo anakulira m'bola yotetezedwa motero, pamabwalo osalala, ndi madokotala amene amayeza chilichonse chimene wosewera wadya.

Koma tisapotoze nkhani. Bola ya lero ilinso ndi zovuta zake. Osewera amathamanga maningi kuposa kale, makochi amaonera mavidiyo a mdani kangapo asanakumane naye, ndipo malo opumira ndi mpira ndi ochepa. Munthu amene wakhala pamwamba zaka zoposa 15 m'bola yotere si wamba. Ronaldo anatenga Champions League kasanu, anatenga chikho cha maiko a ku Ulaya ndi Portugal mu 2016, ndipo mu September 2024 anafika pa zigoli 900. Messi anatseka pakamwa anthu amene ankati alibe World Cup pa 18 December 2022 ku Qatar, Argentina italepherana 3-3 ndi France nkupambana 4-2 pa mapenate. Mfundo ndi yakuti aliyense anayankha mafunso a nthawi yake, ndipo mafunsowo sanali ofanana.

Kumene kamera inaloza

Funsani aliyense za Maradona, adzakuuzani za 22 June 1986 pabwalo la Azteca ku Mexico City. Argentina inakumana ndi England patangopita zaka zinayi chichitikire nkhondo ya maiko awiriwa yolimbirana zilumba za Falkland. Maradona anamwetsa choyamba ndi dzanja, refa osaona. Patapita mphindi zinayi anatenga mpira kumbali ya timu yake, nadutsa osewera asanu a England kuphatikizapo golokipa Peter Shilton, namwetsa chachiwiri. Chigoli chimenecho tachionera kambirimbiri ngakhale ambiri mwa ife tinali tisanabadwe. Chilipo chifukwa makamera analipo.

Zambiri zimene Pelé anachita ku Santos sizinajambulidwe, ndipo zina zimene zinajambulidwa ndi zithunzi zakuda ndi zoyera zosaoneka bwino. Iye ankawerenga zigoli zoposa 1,200, ndipo cha 1,000 anachimwetsa pa penate ku Maracanã pa 19 November 1969. Owerengera a masiku ano amachotsapo masewera a ubwenzi nkutsala ndi zigoli zosakwana 800. Achinyamata timaseka kuti mudala ankawerenga ndi zigoli za kuseri kwa nyumba. Koma Santos ya nthawi ija inkayendayenda ku Ulaya kukasewera ndi makalabu akuluakulu, ndipo masewera ambiri otchedwa a ubwenzi anali oopsa ndithu. Pamene chikho chinali pamzere, mu 1962, Santos inapita ku Lisbon nkuchaya Benfica ya Eusébio 5-2, Pelé akumwetsa zitatu. Nambala imasintha malinga ndi amene wagwira cholembera ndi zimene iye wasankha kuwerenga.

Ngati zinali choncho kwa Pelé, munthu wa ku Brazil amene dziko lonse linkamudziwa, nanga kwa mnyamata wa ku Luanshya?

Chaka cha Ucar

Godfrey Chitalu anabadwa mu 1947 ku Luanshya. Anatchuka ali ku Kitwe United, nasamukira ku Kabwe Warriors mu 1971. Dzina lakuti Ucar linachokera ku mabatire a wailesi amene ankadziwika kuti satha msanga. Anasankhidwa kukhala wosewera wopambana m'dziko muno kasanu, koyamba mu 1968 ndipo komaliza mu 1979, zaka 11 pakati pake. Ku timu ya dziko anamwetsa zigoli 79, ndipo chimodzi mwa izo anamwetsa Soviet Union pa Olympics ya ku Moscow mu 1980, ali ndi zaka 32.

Mu 1972 zigoli zake za nyengo yonse zinawerengedwa kuti zinali 107. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho, pa chikho cha makalabu a mu Africa, Warriors inachaya Majantja ya ku Lesotho 9-0 ndipo 7 mwa zigolizo zinali zake. Nyumba zambiri nthawi ija zinalibe TV. Anthu ankadzaza mabwalo, ndipo amene sanapite ankazungulira wailesi kumvera a Dennis Liwewe. Mawa lake ankawerenga Times of Zambia kapena Zambia Daily Mail. Chimene chinatsala ndi mapepala amenewo, zithunzi zochepa, ndi zimene anthu anasunga m'mitu.

Chaka chomwecho cha 1972, Gerd Müller anamwetsa zigoli 85, za Bayern Munich ndi za West Germany pamodzi. Dziko linalemba nambala imeneyo kuti ndiyo yapamwamba pa chaka chimodzi, ndipo inakhala choncho zaka 40. Pa 9 December 2012 Messi anamwetsa ziwiri motsutsana ndi Real Betis nafika pa 86, ndipo anatsiriza chakacho ndi 91. Manyuzipepala a dziko lonse analengeza mbiri yatsopano. Apa ndi pamene bungwe lathu la FAZ linakweza dzanja nkunena kuti ku Kabwe kunali munthu amene anadutsa pamenepo kalekale. Kwa masiku angapo dzina la Chitalu linali pa mawailesi ndi manyuzipepala a ku London ndi Madrid. FIFA inayankha kuti imasunga mawerengero a mipikisano yake yokha, osati a maligi a m'maiko, choncho singatsimikize za Chitalu ngakhale za Messi. Buku la Guinness linalemba Messi.

Tinakwiya, ndipo mwina tinali ndi chifukwa. Koma tikambe zoona. Ligi yathu ya 1972 siinali yolimba ngati ya ku Germany ya chaka chomwecho kapena ya ku Spain ya 2012. M'zigoli 107 zija munali za ligi, za zikho zosiyanasiyana, za timu ya dziko, ndi zina za masewera amene owerengera a ku Ulaya sangawavomereze. Palibe munthu wanzeru amene anganene kuti nambala yokhayo ikutanthauza kuti Chitalu anaposa Messi. Chimene chinapweteka ndi china. Zigoli za Müller zinali zolembedwa bwino, tsiku ndi tsiku, zokonzeka kwa aliyense wofuna kuziona. Zathu zinafunika munthu wokafukula manyuzipepala akale tsamba ndi tsamba, monga anachitira wofufuza Jerry Muchimba, amene pambuyo pake analemba buku la moyo wa Chitalu. Kwa zaka 40 tinali ndi mbiri m'nyumba koma tinadikira Messi kuti atikumbutse. Bwalo la Warriors ku Kabwe lero lili ndi dzina la Chitalu ndi nambala 107, koma ulemu umenewo unabwera mwini wake atagona zaka pafupifupi 20.

Palinso khomo lina limene linali lotseka. Timakonda kunena kuti mfumu ya bola iyenera kuonekera pa World Cup. Mu 1966 maiko a mu Africa anakana kupikisana nawo chifukwa FIFA sinapatse kontinenti yathu malo ngakhale amodzi otsimikizika. Mu 1970, 1974 ndi 1978, zaka zimene Chitalu anali pamphamvu, Africa yonse inali ndi malo amodzi chabe: Morocco, kenako Zaire, kenako Tunisia. Zambia inafika mu fainolo ya chikho cha Africa mu 1974 ku Cairo nigonja kwa Zaire pamasewera obwereza, koma dziko lakunja silinkaonera zimenezo. Kalusha Bwalya anaonekera chifukwa pa 19 September 1988, pa Olympics ya ku South Korea, makamera analipo pamene anamwetsa zitatu Zambia ikuchaya Italy 4-0. Chaka chomwecho anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu Africa. Komabe iye, monganso Weah ndi Di Stéfano, sanasewerepo masewera ngakhale amodzi pa World Cup.

Chitalu anamwalira pa 27 April 1993, ali kochi wa timu ya dziko, pamene ndege inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville ku Gabon. Anthu onse 30 anafa, 18 mwa iwo osewera. Ankapita ku Dakar kukasewera ndi Senegal pofuna malo a World Cup ya 1994. Khomo limene linamukana monga wosewera ankaligogodabe monga kochi. Manda awo ali kunja kwa bwalo la Independence mu Lusaka muno, pamalo amene ambiri timadutsa pa basi maso ali pafoni.

Ndiye mfumu ndani?

Ngati mutikakamiza kuti titchule dzina limodzi, ambiri mwa ife tidzati Messi, ndipo sitikhala tikunama. Umboni wake ndi wokwanira kuposa wa wina aliyense: zigoli, mipira yopatsa anzake, zikho, zaka zambiri, zonse zojambulidwa mbali zingapo. Ena adzati Ronaldo chifukwa cha khama ndi zigoli zake m'maligi a England, Spain ndi Italy. Atate athu adzati Maradona, amene anatengera Napoli ligi ya Italy mu 1987 ndi 1990, timu imene inali isanaitengepo. Agogo adzati Pelé ndi zikho zake zitatu. Onsewa ali ndi mfundo. Chimene tiyenera kuvomera nchakuti tikamati "wopambana onse", tikutanthauza wopambana mwa amene tinaonetsedwa. Akulu anati mwana wosayenda amayesa amake ndiwo adziwa kuphika. Ife tayenda dziko lonse pafoni, koma foniyo imationetsa makhitchini ochepa chabe.

Kamera ikadasankhabe mpaka lero. Mkangano wathu wa pometera suphatikiza akazi, ngakhale Marta wa ku Brazil anamwetsa zigoli 17 pa ma World Cup. Barbra Banda anamwetsa zitatu motsutsana ndi Netherlands, zitatunso motsutsana ndi China pa Olympics ya ku Tokyo mu 2021, nabwereza zitatu motsutsana ndi Australia pa Olympics ya ku Paris mu 2024. Zimenezo zinajambulidwa ndipo palibe adzazikane. Koma masewera amene iye ndi anzake anasewera pamabwalo a fumbi asanatchuke, ndani analemba? Loweruka lililonse ku Woodlands, ku Nkoloma, ku Sunset, ku Arthur Davies ndi ku Shinde kumamwetsedwa zigoli. Ambiri mwa ife tingatchule zigoli za Haaland za nyengo ino osaganiza kawiri, koma sitidziwa amene akutsogola pa zigoli m'ligi yathu.

Munthu amene anali ndi zaka 20 mu 1972 lero wapitirira zaka 70. Anthu amene anamuona Ucar ndi maso akuchepa chaka ndi chaka, ndipo aliyense akamapita amapita ndi masewera amene palibe kamera inawagwira. Mudala wa pakona uja ndi mmodzi wa iwo. Tsiku lina akadzafunsanso ngati tinamuona Ucar, yankho loona ndi lakuti ayi, sitinamuone. Foni imene timamuopseza nayo ija imathanso kujambula mawu. Timufunse kuti linali bwalo liti, ankasewera ndi timu iti, Chitalu ankamenya ndi phazi liti, ndipo anthu anachita chiyani chigoli chitalowa. Za Messi ndi Ronaldo tidzapitiriza mawa, mavidiyo awo sapita kulikonse.